Babalazi ya a Elifasi Sixpence

Pa pulazi yathu kuno ku Tengwe, nyumba si ya munthu, ndi ya ntchito. Ukamagwira ntchito kiyi ndi wako. Ukasiya, kaya mofuna kaya mokankhidwa, kiyi amabwerera ku ofesi ndipo mphasa yako imatuluka panja. Azungu atachoka, pulazi nkukhala ndi mwini wake watsopano, zambiri zinasintha, koma lamulo limeneli palibe analikhudza. Anzathu a Chishona ntchito ikawathera amakwera kombi kupita kumudzi kwawo. Ife tilibe kokwerera. Makolo athu anachokera ku Malawi ndi ku Tete kale kwambiri, ndipo midzi yawo timangoimva maina pamaliro, wolalikira akamafotokoza mbiri ya womwalirayo.

Ine ndine Carolina, pa komboni amandiitana mai a Blessed. Ndimasankha fodya mushedi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkakhala benchi limodzi ndi a Elifasi Sixpence. Nyumba zathunso ndi za khoma limodzi. Munthu amene wakhala naye phewa ndi phewa nyengo zonsezo umamudziwa kuposa m'bale wako, ngakhale kutsokomola kwake umakuzindikira uli patali. Ndiye ndikamanena za iwo musaganize kuti ndi zomva kuchigayo.

Dzina la Sixpence analilandira kwa bambo awo, amene anayenda wapansi kuchokera ku Ntcheu nkupatsidwa dzinalo ndi mzungu amene lilime lake linakana dzina lenileni. A Elifasi anabadwira mukomboni momwe muno. Anayamba ndi kuthirira nazale, kenako anasenza chigubu chopopera mankhwala kumsana, masiku amenewo munthu ankapopera atavala kabudula yekha. Atakhwima anakasonkha moto ku mabalani owotchera fodya, ndipo pamapeto anafika mushedi, ntchito ya pamthunzi imene aliyense amailakalaka. Kusankha fodya ndi ntchito ya maso ndi zala. Umatenga tsamba, kuliona mtundu, kulipapasa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, nkuliponya pamulu wake. A Elifasi sanali katswiri woti nkuwaimbira nyimbo, koma sankajomba ndipo sankakangana ndi munthu.

Mowa sankaulawa. Pa komboni pamene Loweruka kachasu amayenda ngati madzi a pampopi, munthu wotere amakhala choseketsa, ndipo tinkawatcha abusa opanda kolala. Iwo ankangoseka nafe. Ku tchalitchi chathu chaching'ono cha malata anali mkulu wa mpingo, wokhala kutsogolo ndi jekete yakuda imene inaona maukwati ndi maliro onse a pa pulazi.

Anakhala zaka ndi mkazi wawo Emelia popanda mwana, anthu nkumanong'ona kuti m'nyumbamo muli chumba. Mwana atabadwa, Emelia anamutcha Evidence, ati ndi umboni woti amiseche atseke pakamwa. Zinali zaka zija za chipwirikiti, mapulazi akusintha eni, mabanja ambiri akubalalika osadziwa kolowera. A Elifasi anakakamira, kudya za maganyu mpaka fodya anayambanso kulimidwa. Emelia sanaone zambiri, anamwalira mwanayo asanayambe sukulu. Bamboyo sanakwatirenso. Ife akazi tinayesa kuwalozera uyu ndi uyo, ena tinadzilozera tokha, koma iwo anali ndi nkhani imodzi basi: mwanayo aphunzire, apeze ntchito kutauni, adzawatenge. Mpaka tsiku limenelo, yawo inali kusunga kiyi. Tsitsi la mwanayo ankayesa kumuluka okha, mizere yokhota ngati ya wolima ataledzera, mpaka ndinawalanda ntchitoyo. Pa holide ana onse a pa komboni amapita kukathandiza kumanga fodya, koma Evidence ankatsala m'nyumba ndi mabuku, moti tinkati akumulera ngati dzira.

Sukulu inamukonda mwanayo. Anakhoza bwino ku sekondale, bungwe lina lothandiza ana a m'mapulazi linamugwira dzanja, nkupezeka ali ku yunivesite ku Harare akuphunzira za zinthu zamoyo. Zaka zoyamba akabwera ku holide ankatiuza za masamba, za tizilombo, za magazi a chule, ife nkumayang'anana. Kupita mpaka ku Harare kukaphunzira nyerere, pamene nyerere zili mbwee m'khitchini mwathu? Naye sankaoneka wotenthedwa nazo. Ankaziloweza, nkukhoza mayeso, basi.

Chaka chachitatu ndi pamene anabwera atasintha, akuyankhula mosapumira. Anali atayamba kosi ya za ubongo ndi mitsempha. Dzina lake lachizungu ndi nyurosayansi, ndinachita kulibwereza kangapo lilime langa lisanalole.

"Anti Carolina," anatero tsiku lina tili kumjigo, "makosi ena onse aja amatenga chinthu chamoyo nkuchiduladula. Uku kemisitile, uku maselo, uku khalidwe la nyama, chilichonse pachokha. Iyi ndiye imasoka zonse pamodzi. Mwaona mmene mwakwezera ndowa iyo? Zayambira pa timichere tolowa ndi kutuluka m'maselo a m'mutu mwanu, uthenga nkutsika ndi mitsempha mpaka m'manja. Shuwa, aliyense wophunzira zamoyo amayenera kudutsa pamenepa, kupanda apo amatuluka ndi zidutswa zokhazokha."

"Ndiye ndowa imapepuka ukadziwa zimenezo?"

Anaseka mpaka misozi. Anandiuzanso kuti ululu wa msana wanga umapangidwira m'mutu, msana umangotumiza uthenga. Ndinamuyankha kuti adzayese kuwerama pabenchi tsiku lonse, adzaone kumene ululu umakhala. Koma kumumvetsera kunkakoma. Ankati amakagula mitu ya nkhosa kubutchala, kuitsegula, kuona ubongo ndi maso awo, ndipo makina oonera tinthu ting'onoting'ono ndi ochepa moti amachita kulandizana ngati khasu lobwereka. Mphunzitsi wa kosiyo anali mayi wina amene anaphunzira kunja nkubwerera. Chaka chilichonse ankalimbana ndi akuluakulu a pasukulupo, amene ankati maphunziro a ubongo sadyetsa munthu, bola ana aphunzire za mbewu ndi ziweto. Mayiyo anali atamuuza Evidence kuti chaka chomaliza adzagwire naye kafukufuku, ndipo akadzakhoza njira yopitira patsogolo ilipo.

Komboni inamva zake. Inamva kuti mwana wa a Elifasi ndi dokotala wa mutu. Anthu anayamba kufika pakhomo, wina ndi mutu waching'alang'ala, wina ndi mwana wa khunyu, mayi wina anakoka mwamuna wake amene amaiwala njira ya kunyumba malipiro akatuluka. Evidence ankawafotokozera bwinobwino zimene zimachitika m'mutumo, kenako nkunena kuti iye si dokotala, sapereka mankhwala, apite kuchipatala. Anthu ankachoka milomo itatalika. "Ndiye akuphunzirira chiyani?" ankafunsana. Funso limeneli ngakhale ine ndinalibe yankho lake, koma ndinkawakalipira kuti ana awo aphunzira chiyani choposa pamenepo.

Evidence atabwerera ku Harare, dzanja lamanja la a Elifasi linayamba zachilendo. Ndinaliona koyamba nthawi ya tiyi. Linali pabondo, lopanda kanthu, koma chala chachikulu ndi chamkombaphala zinkapapasana ngati pali tsamba pakati pake. Ndinawaseka kuti zala zawo zikugwira ovataimu yosalipidwa. Iwo sanaseke, analibisa m'thumba. Miyezi ikupita, dzanja lonse linayamba kunjenjemera, poyenda ankakhwekhwereza mapazi, mawu nkutsika moti ndinkachita kutchera khutu. Mulu wawo wa fodya unayamba kutsalira kumbuyo kwa wanga.

Lolemba lina folomani wathu Jackson anaima kumbuyo kwawo. Jackson si munthu woipa, ndi mwana wa pa komboni pompano, koma maso ake ndi a ofesi. Anayang'ana dzanjalo, nkuyang'ana mulu.

"Ko, Mudhara," anatero moseka, "ndi babalazi?"

Mudhara ndi mdala m'Chishona, ndipo babalazi ndi matsire, kunjenjemera kuja kwa m'mawa munthu atachezera mowa. Shedi yonse inaseka, chifukwa kufunsa abusa opanda kolala funso lotero kunali kuwagemula chabe. A Elifasi sanachotse maso pa fodya.

"Pang'ono chabe, folomani," anatero.

Kuseka kunazima. Jackson anapukusa mutu. "Maiwe, nanunso? Pitani mukasambe kumaso, mubwere." Nkupitirira kwa ena.

Poweruka ndinawatsekera njira kuseri kwa mabalani.

"Achimwene, mwanama. Inu mowa mwauyamba liti?"

"Mai a Blessed," anatero ndi mawu awo otsikawo, "Lolemba lililonse theka la shedi ija limanjenjemera. Munamvapo kuti wina wachotsedwa? Woledzera amamukalipira, mawa ali pabenchi, chifukwa akudziwa kuti zimutha. Nanga woyendetsa thirakitala uja anafa mbali imodzi chaka chatha, ali kuti lero?"

Bambo wa thirakitalayo anauzidwa mwaulemu kuti apume, ndipo anakathera m'kachisakasa ka mapulasitiki kumalire a pulazi, kumene amaunjikana amene ntchito yawathera.

"Mwana watsala pang'ono kumaliza," anatero. "Bola anditche chidakwa."

Ndipo mbiri yoipayo anachita kuigwirira ntchito. Loweruka ankakakhala pafupi ndi omwa kachasu, chikho chili m'manja koma chosafika pakamwa. Zidakwa zenizeni zinawalandira ndi manja awiri, ngakhale zinkadandaula kuti mlendoyu akutaya mowa wambiri pansi ndi kunjenjemera kwake. M'mawa ankadontheza pang'ono pa kolala ya shati kuti Jackson akamadutsa amve fungo. Nkhani sinachedwe kufika kumpingo. Akulu anzawo anawaitana, kuwafunsa, iwo osakana, osavomera. Anawatsitsa paudindo, ndipo jekete yakuda ija inasamukira ku benchi lakumbuyo, kwa ife obwera mochedwa. Ndinkawaona akuimba nyimbo dzanja lili m'thumba, mtima wanga nkumawawa. Ndinkapsanso mtima ndi anthu amene anawadziwa moyo wawo wonse nkumeza bodza lotere osatafuna. Koma bodzalo linagwira ntchito yake. Jackson ankawakalipira lero ndi mawa, kuwaopseza, kuwalalikira za kuipa kwa mowa iye mwini maso ali psuu, nkumawasiya pabenchi.

Evidence anabwera ku holide chaka chomaliza chisanayambe. Nkhaniyo anailandirira pa siteji ya kombi, kwa amayi ogulitsa tomato, amene anamuuza momumvera chisoni kuti bambo ake mowa wawatenga. Sanafunse munthu. Anangokhala masiku angapo akuwayang'ana, podya, poyenda, pokhala. Kenako anandipeza pakhonde ndikutola nyemba.

"Anti, ababa samwa."

"Wanena ndiwe."

"Babalazi imagwedeza manja onse awiri, ndipo imakula munthu akafuna kugwira kanthu. Iwo ndi dzanja limodzi. Limanjenjemera likangokhala, akalitambasula kuti atenge kapu limaleka. Poyenda mkono umenewo sugwedezeka ngati unzakewo, umangolendewera. Izi tinaziphunzira, Anti. Ndinaziona pa vidiyo m'kalasi, ndinalemba mayeso ake." Atanena zimenezi anakhala pansi nkuyamba kulira.

Anawakakamiza kupita kuchipatala kutauni. Iwo analola pokhapokha atagwirizana zouza anthu kuti akukagula nsapato. Dokotala anawayendetsa uku ndi uku, kuwapinda mkono, nkuvomereza zimene mwanayo anaona. Matendawo dzina lake Pakinsoni. M'kati mwenimweni mwa ubongo muli maselo opanga kamadzi kena kothandiza thupi kuyamba kuyenda ndi kuyenda mosalala, ndipo maselo amenewo amafa pang'onopang'ono. Mapiritsi ochepetsa kunjenjemera alipo, koma sabweza zimene zafa, ndi omwa moyo wonse, ndipo ku kiliniki ya kufupi kuno tinapeza kulibe. Anabwerako ndi kabotolo kamodzi, opanda nsapato.

Chimene chinkamuwotcha Evidence sichinali matenda okha ayi. Chinali benchi lakumbuyo lija. Bambo amene sanalawepo mowa, lero akutchedwa chidakwa ndi ana a dzulodzulo! Anawauza kuti Lamlungu akaima kutsogolo nkunena zoona. Iwo anangoti, "Zisiye, mwanawe," osafotokoza, chifukwa kufotokoza kukanakhala kumuuza kuti manyazi onsewo akusenzera iye. Ndiye ndinamufotokozera ine, zonse, za Jackson, za wa thirakitala, za kolala ya shati. Anandimvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti zikulowera khutu ili nkutulukira linalo.

"Anti, zimenezo ndi zakale. Mazuva ano pali malamulo. Woledzera pantchito ndi amene amachotsedwa, wodwala amatetezedwa. Ababa akudziika okha pangozi."

"Malamulo akowo amatsika kombi pa tala," ndinatero. "Kuno ndi msewu wafumbi, safika."

"Ndiye tizingonama mpaka liti?"

"Mpaka umalize."

"Aiwa, Anti. Sindingakakhale m'kalasi ndikuphunzira matenda amenewa, ababa anga akunyozedwa nawo kuno."

Mwanayo sindimuda. Ankawakonda bambo ake, ndipo zonse zimene ankanena za matendawo zinali zoona. Kungoti komboni anaikhala ali m'nyumba ndi mabuku, sankaidziwa.

Lamlungu, nthawi ya zolengeza, anapempha kuyankhula. Anayankhula bwino, Chichewa cha agogo ake, osasakaniza kwambiri. Anakunga nkhonya ziwiri nkuziphatikiza, nati ubongo wa munthu ndi waukulu chonchi, nkuloza m'katikati mmene muli vuto. Atatchula dzina la matendawo, mkulu wina wogontha pang'ono anafunsa mokweza kuti Pakinsoniyo pulazi yake inali ku Banket kapena ku Marondera, anthu nkuseka. Evidence anafotokoza za dzanja limodzi, za mapazi, za mawu otsika. Anatinso ofufuza amakayikira mankhwala ena opopera m'minda, ngakhale palibe angatsimikize pa munthu mmodzi. Apa ndinaona Jackson, amene amaimba besi mukwaya, akuweramitsa mutu. Amayi anayamba kusisima. Akulu a mpingo anayang'ana pansi ndi manyazi.

Kenako mkulu wogontha uja anafunsa funso limene aliyense amafunsa za wodwala.

"Nanga achira liti?"

Kwathu kuno funso limenelo lili ndi mayankhidwe ake. Ngakhale munthu atatsala mafupa okhaokha, timati akupezako bwino, kapena timati Mulungu ndi amene akudziwa. Aliyense amadziwa tanthauzo lake, koma mawuwo amasiya chitseko chotsegula pang'ono, kuti wodwalayo, omusamalira, ngakhale omulemba ntchito, onse akhale ndi ponamizira kudikira. Evidence anali ataphunzitsidwa kunena chimene chilipo.

"Sachira, Sekuru," anatero. "Matendawa amangopitirira."

Kumbuyo kuja a Elifasi anatulutsa dzanja m'thumba, poti panalibenso chobisa, nkulisiya pabondo likugwedezeka pamaso pa onse.

Tsiku lomwelo anawabwezera udindo. Akulu anapita kumbuyo, kuwagwira mikono, kuwayendetsa pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, ife tikuimba. Amene ankawanena kwambiri kumjigo ndi amene analira mokweza. Evidence anatuluka nkhope ikuwala, anthu akumugwira chanza, akuti sukulu ndi yabwino. Ine ndinangolunjika kunyumba, mtima uli pa zimene zikubwera.

Sabata isanathe Jackson anafika pakhomo pawo masana, chipewa chili m'manja. Ndinali pakhonde langa, ndinaona zonse. Sanakalipe monga ankachitira masiku a babalazi. Ananjuta, nawomba m'manja mwaulemu.

"Mudhara, tinakulakwirani. Sitinkadziwa kuti mukudwala. Manija ati mwagwira basa nthawi yaitali, tsopano mupume."

"Ndipumire kuti, mwana wanga?"

Jackson anayang'ana chipewa chake. "Zvakaoma, Mudhara, nzovuta. Nyumba akuti mukhalemo mpaka mwezi uthe. Pakubwera wina wa giledi, wosankha fodya, wa banja."

Evidence anathamangira ku ofesi. Mwini pulazi amakhala ku Harare, amangobwera nthawi yogulitsa fodya, ndiye anapeza manija. Anamulandira bwino, kumupatsa mpando, nkumuuza kuti palibe amene wachotsedwa. Bambo ake, monga ambiri a ife, amalembedwa nyengo ndi nyengo, ndipo nyengo yawo yatha. Za mankhwala opopera anamulangiza mwaubwenzi kuti asamazitchuletchule. Mwanayo anakwera kombi kupita kutauni kukafunsa za malamulo aja, nkubwerako madzulo nsapato zili mbuu, atauzidwa kuti nkhani zotere zimatenga nthawi. Mwezi sunkadikira. Ku Harare ankagona chipinda cha ana asukulu, bedi pamwamba pa bedi, kunalibe koika bambo wodwala. Achibale a ku Ntcheu, ngati alipo, dzina la Sixpence sanalimvepo. Mpingo unapemphera, unasonkha ufa ndi sopo. Nyumba unalibe, tchalitchi chomwecho chili pa dothi la pulazi.

Mwezi uli pafupi kutha, Evidence analowa mushedi tikugwira ntchito, nkulunjika kwa Jackson.

"Mukoma Jackson, nyumba ndi ya ntchito, handiti? Nanga wogwira ntchitoyo akakhala mwana wa m'nyumbamo?"

"Zimatheka," anatero Jackson. "Koma iwe, Evidence? Fodya sunamugwirepo."

"Giledi ndiphunzira."

Anaimbira foni mphunzitsi wake uja, amene anati malo angathe kumusungira chaka chimodzi. A Elifasi anamva kwa ine. Anayesa kudzuka pampando kuti akamuletse, mapazi nkumata pansi monga amachitira matendawa, nkukhalanso. Madzulo ake ndinawamva kudzera pakhoma akumupempha kuti abwerere kusukulu, iwo akakhala kumalire kuja kumapulasitiki, ena akukhalako ndipo sanafe onse. Iye ankati ndi nyengo imodzi yokha, angowapezera mapiritsi ndi munthu wowasamalira, kenako apita. Mawu a bamboyo anali atatsika kwambiri moti mkanganowo unkamveka ngati wa munthu mmodzi.

Nyengo imodzi ija inabala inzake, inzakeyo inabalanso. Evidence amakhala benchi limodzi ndi ine tsopano, pamalo pa bambo ake. Chaka choyamba mphunzitsi uja ankaimba foni, iye nkumatuluka kukayankhira kuseri kwa shedi, pobwera maso atafiira. Kenako tinamva kuti mayiyo watopa ndi kulimbana, wapita kukaphunzitsa kunja, ndipo kosi ija sakuiphunzitsanso. Bungwe lija linatenga mwana wina. Poyamba nthawi ya tiyi ankandiphunzitsa maina a zigawo za ubongo, ine nkumawapotoza dala kuti aseke. Masiku ano timakamba za kukwera kwa mafuta ophikira ngati wina aliyense. A mutu waching'alang'ala anasiya kufika pakhomo.

Mapiritsi amapezeka mwezi uno, mwezi wamawa ayi. A Elifasi safikanso ku tchalitchi. Mpando wawo wakutsogolo ulipo, palibe amakhalapo, ndipo dzina lawo limatchulidwa m'mapemphero ndi ulemu wonse. Evidence amawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza. Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi chakuti iye amadziwa dzina la chilichonse chimene chikuwachitikira, ndi chimene chikubwera pambuyo pake. Ife osaphunzirafe wodwala akadzuka bwino tsiku limodzi timati mwina zayamba kusintha. Iye alibe mwayi umenewo.

Chinanso chimene matendawa achita ndi kuumitsa nkhope. A Elifasi samwetulira, sakwinya, ngakhale kuphethira amachita mwa apo ndi apo. Nditadandaula kuti mwina nzeru zayamba kuchoka, Evidence anakana.

"Ayi, Anti. M'katimo akumva zonse monga kale, chisoni, mkwiyo, chilichonse. Ndi kumasoku kokha kumene uthenga sukufika bwino."

Sabata yatha tikuchokera ku shedi tinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa la madzulo. Jackson anali kumbuyo kwathu, wosangalala chifukwa fodya wathu anagulidwa bwino. Anaima, navula chipewa.

"Mudhara, makorokoto, tikukunyadirani! Mwana wanuyu ali ndi mutu. Shedi yonse palibe womuposa pa giledi. Manija ati chaka chamawa amulemba wa pemanenti, sadzachokanso pano. Mwaona, sukulu sinapite pachabe. Nyumba iyi palibenso adzakutulutseni."

A Elifasi anamuyang'ana Jackson, kenako anayang'ana mwana wawo, amene anaima pamenepo duku lili mbuu ndi fumbi la fodya. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono. Jackson anavala chipewa nkumapita akuimba mluzu, wotsimikiza kuti wasiya uthenga wabwino. Evidence analowa m'nyumba mofulumira, ati akatereke madzi. Ine ndinakhala pansi pambali pawo mpaka dzuwa linachoka pakhondepo, ndipo sindinawafunse kanthu.